Ku Montepulciano phiri ndilo limalamula ulendo

Montepulciano ndi tauni yakale yomangidwa pamsana pa phiri kumwera kwa chigawo cha Toscana ku Italy, m'dera la Siena. Pamwamba pake penipeni pali pa mamita 605 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Dedza nambala imeneyi siingamuopse, pakuti kwawoko n'kokwera kuposa apa. Chovuta ndi kuima kwa phirilo. Msana wake ndi wopapatiza ndipo mbali zonse n'zotsetsereka: kum'mawa kuli chigwa cha Val di Chiana, kumadzulo Val d'Orcia. Tauni yakaleyo ili ndi msewu umodzi waukulu wokwera kuchoka pa chipata cha kumunsi kukafika pa bwalo la pamwamba, ndipo tinjira tina tonse timangophuka m'mbali mwake.

Phiri limeneli ndilo linachititsa kuti mizinda ya Siena ndi Firenze izilimbirana tauniyi kwa zaka mazana. Ndilonso linapatsa eni ake thanthwe lofewa lokumbamo mosungira vinyo. Lero ndilo limagamula ngati mlendo asangalale kapena abwerere ndi matuza kumapazi. Alendo ambiri amabwera m'mabasi a magulu, amatsitsidwa kumunsi cha m'ma 11 koloko, amakwera dzuwa lili paliwombo, amalawa vinyo ali wefuwefu, pofika 3 koloko anyamuka kale. Kumeneko n'kuwononga ndalama. Gonani usiku umodzi, kapena masiku awiri ngati thumba likulola, kuti mukhale ndi m'mawa umodzi ndi madzulo amodzi, nthawi imene mabasi aja kulibe.

Kufika

Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yolowera ku Italy ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya. Kukhala ku Britain sikuchotsa lamuloli, chifukwa amayang'ana pasipoti osati kumene mukugona. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo amafuna inshuwalansi ya kuchipatala yosachepera mayuro 30,000. Fomu mutha kupereka kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Malire ake ndi masiku 15, koma wodikira mpaka pamenepo akusewera ndi tikiti ya ndege. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, choncho yambani n'kufunsa ku ofesi imeneyo kuti mapepala mukapereke kuti. Ndege za Ethiopian Airlines zimachoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Roma Fiumicino, ndipo kuchoka pa bwalo la ndegelo sitima ya Leonardo Express imakufikitsani ku siteshoni ya Roma Termini pa mphindi 32.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Pali siteshoni yotchedwa Montepulciano, ndipo munthu akalemba dzinali pa makina ogulira tikiti amaganiza kuti wapeza njira. Siteshoni imeneyo ili kuchigwa, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa tauni, pa kanjanji kakang'ono ka pakati pa Siena ndi Chiusi, ndipo mabasi ake ndi apatalipatali. Siteshoni yoyenera ndi Chiusi-Chianciano Terme, imene ili pa njanji yaikulu ya pakati pa Roma ndi Firenze. Kuchoka ku Roma sitima wamba imatenga maola pafupifupi awiri, ya Intercity imachepetsako. Panja pa siteshoni ya Chiusi pamaima mabasi a Autolinee Toscane odzera ku Chianciano Terme. Ulendo wake sudutsa kwenikweni ola limodzi, ngakhale nthawi zina mumasintha basi panjira.

Werengani ndandanda ya mabasi mosamala. Pamene palembedwa feriale ndi basi ya Lolemba mpaka Loweruka, festivo ndi ya Lamlungu ndi maholide, ndipo scolastico imayenda masiku a sukulu okha. Lamlungu mabasi amachepa kwambiri. Wofika ku Chiusi Lamlungu madzulo akonzeretu ndalama ya takisi, ndiponso aiyitanitsiretu, chifukwa si nthawi zonse pamene amaipeza itaima pa siteshoni. Tikiti ya basi imagulidwa m'timasitolo ta fodya tokhala ndi chikwangwani cha chilembo T, ndipo mukakwera muidinde pa makina. Chimodzimodzi tikiti ya pepala ya sitima wamba: muidinde pa timakina ta pa siteshoni musanakwere. Tikiti yosadinda woyang'anira amaiwerenga ngati palibe, ndipo chindapusa chake n'cholipira ngakhale muli mlendo.

Galimoto yobwereka ndi yabwino kwa wofuna kuzungulira minda ya mpesa, koma ili ndi msampha wake. Mumayenda kumanja, magalimoto ambiri ndi a magiya a pamanja, ndipo laisensi ya kwathu iyenera kuyendera limodzi ndi chiphaso choyendetsera galimoto m'mayiko ena. Pa msewu waukulu wa A1 mumatulukira pa Chiusi-Chianciano Terme ngati mukuchokera ku Roma, pa Valdichiana ngati mukuchokera ku Firenze. Mkati mwa linga ndi ZTL, dera loletsedwa kwa magalimoto opanda chilolezo. Chizindikiro chake ndi bwalo loyera lozunguliridwa ndi mzere wofiira, ndipo pamwamba pali kamera. Palibe wapolisi amene adzakuimitseni. Chindapusa chimabwera patapita miyezi, kampani yobwereketsa galimoto itadula kale ndalama yake ya mapepala pa khadi lanu, ndipo kulowa kulikonse kumawerengedwa pakokha: kuzungulira katatu kufunafuna hotela ndi zindapusa zitatu. Ngati hotela yanu ili mkati, atumizireni nambala ya galimoto kuti aikaundule. Apo ayi imikani kunja m'malo olembedwa P1, P2 ndi ena otero. Mizere yabuluu ndi yolipira, yoyera ndi yaulere, yachikasu si yanu.

Basi imathera pa Piazza Pietro Nenni, kumunsi kwa tauni, pamene Lachinayi m'mawa pamakhala msika. Pali chikepe chokukwezani kufika pa kapaki ka pafupi ndi chipata. Sutikesi ya matayala musailimbane nayo pa chitunda cha miyala: pali timabasi ting'onoting'ono tokwera mpaka ku Piazza Grande. Katundu akwere basi. Inu mudzakwere wapansi nthawi ina, manja ali lende.

Kukwera msewu

Msewu waukulu anthu amangouti il Corso, ngakhale umasintha dzina panjira: Via di Gracciano nel Corso, Via di Voltaia nel Corso, Via dell'Opio nel Corso, kenako Via del Poliziano. Kuchokera pa chipata cha Porta al Prato kukafika pa bwalo la pamwamba ndi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Wamphamvu osaima amatha mphindi 25, koma perekani maola awiri, ndipo muyambe isanakwane 9 koloko. Nsapato ikhale ya mphira pansi. Miyala ya mumsewu inasalala ndi mapazi, ndipo kukagwa mvula imaterera.

Mukangolowa pa chipata mupeza mzati wokhala ndi mkango pamwamba, Colonna del Marzocco. Mkangowo ndi chizindikiro cha Firenze. Poyamba panali mmbulu wa Siena, koma anautsitsa mu 1511 pamene tauniyi inalowa m'manja mwa Firenze kotheratu. Chaka chimenechi ndicho chimamasulira zambiri zimene muone: mtendere utabwera, mabanja olemera anaitana amisiri otchuka monga Antonio da Sangallo wamkulu kudzawamangira nyumba zikuluzikulu, n'chifukwa chake katauni ka pa phiri kali ndi nyumba zooneka ngati za mumzinda wa mafumu. Mkango uli pa mzatiwo ndi wosema pambuyo pake. Weniweni uli mu Museo Civico pa Via Ricci.

Mukakwera pang'ono, yang'anani khoma la Palazzo Bucelli kufika m'chiuno. M'munsi mwake anamatiramo zidutswa za timabokosi tamiyala tosungiramo phulusa la akufa a mtundu wa Aetrusika, amene ankakhala dera lino Aroma asanalamule, pamodzi ndi miyala yolembedwa Chilatini. Pietro Bucelli, amene ankatolera zinthu zakale m'zaka za m'ma 1700, ndiye anaziika pamenepo. Yandikirani: pa tina mukuoneka nkhope, pa tina maluwa osema, pa tina zilembo zimene zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Anthu ambiri amadutsa osatembenuka n'komwe chifukwa maso ali pa masitolo a tchizi.

Patsogolo pali tchalitchi cha Sant'Agostino, chimene kumaso kwake kunakonzedwa ndi Michelozzo, mmisiri womanga ndi wosema wa ku Firenze, ndipo moyang'anana nacho pali nsanja ya wotchi yokhala ndi chidole cha Pulcinella, kamunthu ka zovala zoyera ka m'masewero a ku Napoli, kamene kamamenya belu ola likakwana. Pakati pa chitunda pali Caffè Poliziano, yotsegulidwa mu 1868. Khonde lake la kumbuyo limayang'ana Val di Chiana, ndipo ndi malo abwino opumirapo. Khofi womwera chiimire pa kauntala ndi wotsika mtengo kuposa wa patebulo, ndiwo mwambo wa Italy yense. Kumtunda kuli nyumba imene anabadwiramo Angelo Ambrogini mu 1454, wolemba ndakatulo amene anaphunzitsa ana a Lorenzo de' Medici, wolamulira Firenze, ndipo amadziwika ndi dzina loti Poliziano. Akatolika adziwenso kuti Roberto Bellarmino woyera anabadwira kuno mu 1542, ndipo thupi la Agnese woyera wa ku Montepulciano, amene anamwalira mu 1317, lili m'tchalitchi cha dzina lake kunja kwa Porta al Prato.

Piazza Grande si yaikulu monga dzina lake. Kumadzulo kwake kuli Palazzo Comunale, nyumba ya khonsolo, imene Michelozzo anaikonza m'zaka za m'ma 1440 motsanzira Palazzo Vecchio ya ku Firenze. Nsanja yake imakwereka pa kandalama pang'ono. Masitepe omalizira ndi opapatiza moti awiri sangapatukirane, koma kukayera mumaona nyanja ya Trasimeno, phiri la Amiata ndi Pienza. Chitsime cha pa bwaloli ndi cha mu 1520: mikango iwiri yagwira chishango cha banja la Medici, ndipo m'mbali muli zilombo ziwiri za mutu wa chiwombankhanga zoimira Montepulciano. Amene ali pakati ndi amene ali m'mbali zikukuuzani yemwe ankalamula.

Tchalitchi chachikulu, Duomo, chinayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 n'kutha mu 1680, koma kumaso kwake sikunavekedwe miyala yosalala mpaka lero. Ndi njerwa zokhazokha. Musanyozere kunjako. Pa guwa lalikulu pali chithunzi cha magawo atatu cha Taddeo di Bartolo, cha mu 1401, chosonyeza Maria akutengedwa kumwamba, chagolide waliwali. Ziboliboli zamwala zimene zamwazikana m'makoma ndi zidutswa za manda amodzi, a Bartolomeo Aragazzi, mlembi wa Papa Martino V, amene anasema Michelozzo ndipo pambuyo pake anaphwasulidwa. Angelo awiri a manda omwewo ali ku Victoria and Albert Museum ku London. Polowa m'tchalitchi mapewa ndi mawondo akhale ophimba.

Za pansi pa nyumba

Pansi pa nyumba zikuluzikulu zija pali tauni inanso. Thanthwe la phirili ndi lofewa pokumba, ndipo mabanja anaboola zipinda ndi makonde motsika mpaka kufika m'mapanga akale. Mmenemo kumazizira mofanana chaka chonse, kuli mdima, ndipo mpweya ndi wachinyontho. Zitatu zimenezi ndizo vinyo amafuna kuti akhwime bwino. Tengani juzi ngakhale mu Ogasiti. Contucci ali pansi pa nyumba yawo pa Piazza Grande pomwepo, Talosa ali kuseri kwa bwaloli, Ercolani ali kumunsi pafupi ndi mzati wa mkango. Ngati nthawi ikulola malo amodzi okha, pitani kwa De' Ricci pansi pa Palazzo Ricci. Mumatsika pa masitepe aafupi otambalala, opangidwa kuti ngakhale hatchi ithe kutsika, n'kutulukira m'chipinda cha mizati yanjerwa italiitali ndi denga lokhota, migolo itandandalikana uku ndi uku. Malo ena kulowa n'kwaulere ndipo amayembekezera kuti mugulako kanthu potuluka. Ena amalipiritsa ndipo amafuna kusungitsiratu malo.

Imani pa mgolo umodzi waukulu. Yambiri ndi ya mtengo wa oki wochokera ku Slavonia m'dziko la Croatia, yolowa malita 2,000, 5,000 kapena kuposa. Kumaso kwake kuli kachitseko kamene munthu wochepa thupi amalowera pokatsuka, ndi kampopi kotungira wolawa. Pamwamba pali kabotolo kagalasi ka mimba ziwiri kotchedwa colmatore. Ntchito yake ndi iyi: thabwa limamwa vinyo ndipo wina amauluka pang'onopang'ono, choncho pamwamba pa mgolo pamatsala mpata. Mpweya ukakhala pampatapo vinyo amazilala, amasanduka wabulauni, kenako amasasa ngati viniga. Kagalasiko kamaonetsa ngati vinyo watsika popanda kutsegula mgolo, wantchito amawonjezera kudzera pomwepo, ndipo madzi a m'kachivundikiro kake amalola mpweya wa mkati kutuluka koma wa kunja osalowa. Timigolo tating'ono timene mungaone pambali ndi barrique ta malita 225, kawirikawiri ta oki wa ku France. Poti ndi tating'ono, vinyo amakhudzana kwambiri ndi thabwa ndipo amatengera fungo la vanila ndi utsi. Mgolo waukulu wakale supereka fungo lotere. Opanga vinyo amatsutsana pa nkhaniyi. Kwa wofuna kudziwa kukoma kwa mphesa za kuno, wa mgolo waukulu ndiye amanena zoona.

Vinyo wa tauniyi ndi Vino Nobile di Montepulciano. Analandira chizindikiro cha DOC, chotsimikiza dera limene vinyo wachokera, mu 1966, ndipo mu 1980 anali m'gulu loyamba kulandira DOCG, mlingo wapamwamba wa malamulo a vinyo ku Italy, pamodzi ndi Barolo, Barbaresco ndi Brunello di Montalcino. Malamulo ake ndi awa. Mphesa zosachepera 70 pa 100 zikhale Sangiovese, imene kuno amaitcha Prugnolo Gentile. Zotsalazo zitha kukhala Canaiolo, Mammolo, Colorino kapena Merlot. Minda ikhale m'dera la Montepulciano, pakati pa mamita 250 ndi 600. Hekitala imodzi isapitirire matani 8 a mphesa, amene amatulutsa malita osaposa 5,600, mabotolo pafupifupi 7,400. Malire amenewa alipo chifukwa mpesa wobereka kwambiri umapereka madzi ambiri osakoma, n'chifukwa chake alimi amathothola matsango ena akadali aawisi. Nthaka yake ndi dongo losakanikirana ndi mchenga, ndipo m'minda ina mumatoleka zigoba za nkhono za m'nyanja, pakuti kalekale dera lonseli linali pansi pa madzi. Dongolo limasunga chinyezi m'miyezi youma ya Julayi ndi Ogasiti.

Amakolola kuyambira pakati pa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Okutobala. Amachotsa timitengo ta tsango, amaphwanya mphesa, n'kuthira zonse, madzi ndi makoko omwe, m'mathanki achitsulo kapena a simenti. Zikayamba kuwira makoko amayandama n'kupanga chikhakha pamwamba. Tsiku lililonse amapopa madzi a pansi n'kuwathira pa chikhakhacho, chifukwa mtundu wofiira ndi mphamvu ya vinyo zili m'makoko, komanso chikauma chimayamba kusasa. Kutentha amakusunga kosafika madigiri 30 kwenikweni. Kukapitirira, yisiti imafooka, kuwira kumaima shuga asanathe, ndipo thanki yonse ili pangozi. Pakatha masabata awiri kapena atatu amasiyanitsa vinyo ndi makoko. Ntchito imeneyi masiku ano ambiri amaichitira kunja kwa tauni, kufupi ndi minda. Zipinda za pansi pa nyumba ndi zokhwimitsira.

Nobile ayenera kukhwima zaka 2 kuwerengera pa 1 Januwale wotsatira kukolola, ndipo miyezi yosachepera 12 ikhale ya mu mgolo. Riserva ndi zaka 3. Choncho wa mphesa za 2021 sakanagulitsidwa isanafike Januwale 2024, ndipo Riserva wake Januwale 2025. Rosso di Montepulciano ndi mng'ono wake: mphesa zomwezo, koma amatuluka chaka chotsatira kukolola, ndi wopepuka ndiponso wotsika mtengo.

Chenjerani ndi botolo lolembedwa Montepulciano d'Abruzzo, limene limapezeka kwambiri m'masitolo a ku Johannesburg ndi ku London. Ameneyo ndi vinyo wa chigawo china, kugombe la kum'mawa kwa Italy, wopangidwa ndi mtundu wa mphesa wotchedwa Montepulciano, ndipo alibe chibale ndi tauniyi. Chisokonezochi chinakula moti kuyambira 2020 botolo la Nobile limalembedwanso Toscana. Yang'anani dzina limenelo ndi kapepala ka boma kolembedwa DOCG kozungulira khosi la botolo.

Kulawa

Malo abwino oyambira ndi Enoliteca ya bungwe la opanga Vino Nobile, mu Fortezza, nyumba yakale ya asilikali kumapeto kwa tauni. Amakupatsani khadi, mumaika tambula pansi pa kampopi, n'kusankha wolawa pang'ono kapena tambula yodzaza kuchokera kwa opanga ambirimbiri. Pansi pake ndi pagalasi, mukuona makoma akale amene anafukula. Ubwino wake ngwakuti palibe mwini wake wakuimirirani kudikira kuti muyamikire. Mukapeza awiri kapena atatu okukomerani, ndiye mukawayendere kwawo.

Yambani ndi Rosso, kenako Nobile, kenako Riserva, wotsekemera pomalizira. Mukayamba ndi wamphamvu, wopepuka amamveka ngati madzi. Sangiovese ndi wowawasa pang'ono, amaumitsa m'kamwa ndi kumata pa nkhama, ndipo amene anazolowera vinyo wotsekemera wa m'katoni amakwinya nkhope pa kulawa koyamba. Musaweruze msanga. Lumani kachidutswa ka tchizi kapena nyama, mulawenso: mafuta amafewetsa kumata kuja ndipo mumayamba kumva zipatso. Vinyo ameneyu anapangidwira chakudya. Akanunkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda cha nkhungu, vuto ndi chotsekera cha botolo limenelo; nenani, adzatsegula lina popanda mkangano. Akamveka ngati jamu wophika, botololo linakhala pamalo otentha.

Kulavulira m'kachitini ka patebulo si mwano, akatswiri amatero. Werengani nokha: kulawa 8 kwa mamililita 40 ndi mamililita 320, pafupifupi theka la botolo, la vinyo wa mphamvu 13 kapena 14 pa 100. Malire a woyendetsa galimoto ku Italy ndi magalamu 0.5 pa lita ya magazi, ndipo kwa wosakwana zaka 21 kapena amene laisensi yake sinathe zaka 3 ndi ziro. Misewu ya kuminda ndi yokhotakhota, ina ndi yafumbi. Mmodzi asamwe, kapena lembani woyendetsa. Kuminda sapitako mwadzidzidzi: lembani uthenga masiku angapo zisanachitike, makamaka nthawi yokolola pamene banja lonse lili m'munda.

Vin Santo ndiye wotsekemera uja. Mphesa zoyera, Trebbiano ndi Malvasia, amaziyanika pa mphasa zabango kapena kuzipachika m'chipinda cha pamwamba chopita mphepo, mmene fodya amapachikidwira m'chigafa, mpaka zitafota m'nyengo yozizira. Akafinya pamatuluka timadzi tochepa tonata. Amatithira m'timigolo totchedwa caratelli, n'kumata pakamwa, n'kusiya zaka zosachepera 3 kudenga kumene kumatentha ndi kuzizira motsatira nyengo. Wambiri amauluka. N'chifukwa chake kabotolo ka theka kamadula kuposa botolo lathunthu la Nobile. Wotchipa kwambiri wolembedwa vino liquoroso ndi wothira mowa wowonjezera, si yemweyo.

Chakudya, San Biagio ndi nyengo

Malesitilanti amaphika kuyambira 12:30 mpaka cha m'ma 2:30 masana, kenako 7:30 madzulo. Pakati apo mupeza buledi wa nyama ndi tchizi basi. Chakudya cha kuno ndi pici, pasta wonenepa wa ufa ndi madzi wopotedwa ndi manja, wodyera tomato ndi aglione, adyo wamkulu wosaluma wa ku Val di Chiana. Nyama yotchuka ndi ya ng'ombe zoyera zikuluzikulu za Chianina. Mtengo wa bistecca, nyama ya ng'ombe yowotcha, umalembedwa pa kilogalamu kapena pa etto, amene ndi magalamu 100, pamene nthuli imodzi imaposa kilogalamu. Woona nambala yaing'ono pa menyu n'kuganiza kuti ndi mtengo wa mbale amadzidzimuka bilu ikabwera. Imabwera yofiira mkati, ndipo ophika ambiri sakondwa kuipsereza. Wosafuna magazi aitanitse nyama yamsuzi. Osadya nkhumba asamale ndi maiale, prosciutto, pancetta, finocchiona ndi cinghiale, imene ndi nguluwe. Buledi wa ku Toscana alibe mchere dala. Pa bilu pamakhala coperto, mayuro awiri kapena atatu pa munthu, ya malo ndi buledi. Ku hotela adzakupemphani pasipoti ndi kamsonkho ka mlendo ka usiku uliwonse.

Madzulo tsikirani ku San Biagio, tchalitchi choima chokha pa udzu kunja kwa linga. Ndi mphindi 15 kapena 20 kutsika, ndipo pobwerera ndi chitunda chenicheni, choncho nyamulani madzi. Antonio da Sangallo wamkulu anayamba kuchimanga mu 1518, anthu atanena kuti chithunzi cha Maria cha pa khoma la katchalitchi kakugwa pamalopo chachita zozizwitsa. Mapiko ake anayi ndi ofanana kutalika, pakati pali denga lozungulira, ndipo pa nsanja ziwiri zimene anakonza inatha ndi imodzi. Inayo inalekera m'munsi. Mwala wake wa travertino umasanduka wachikasu dzuwa likapendeka, n'chifukwa chake madzulo ndiyo nthawi yake. Mukaima pakati penipeni n'kuwomba m'manja kamodzi, phokoso limabwerera kangapo. Wosamwa vinyo asaganize kuti tauniyi ilibe chake. Nyumba iyi yokha ndi yokwanira ulendo.

Nyengo ndi yosemphana ndi ya kwathu. Julayi ndi Ogasiti kumatentha kupitirira madigiri 30 ndipo anthu amadzaza. Meyi, Juni, Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yabwino. Januwale ndi Febuluwale kumazizira, kumachita nkhungu, ndipo malo ena amatseka. Mu Julayi kumakhala Cantiere Internazionale d'Arte, chikondwerero cha nyimbo ndi zisudzo chimene anayambitsa Hans Werner Henze mu 1976. Lamlungu lomaliza la Ogasiti ndi Bravìo delle Botti: magawo 8 a tauniyi amapikisana kugubuduza migolo ya makilogalamu 80 kukwera il Corso yense, anthu awiri pa mgolo, kuchokera pa mzati wa mkango mpaka pa masitepe a Duomo, ndipo wopambana amalandira nsalu yojambulidwa. Kale unali mpikisano wa mahatchi. Migolo inayamba mu 1974. Malo ogona a sabata imeneyo amatha miyezi ingapo isanafike. Tsiku lachiwiri mutha kupita ku Pienza, makilomita pafupifupi 14, tauni imene Papa Pio II anaimanganso pakati pa 1459 ndi 1462, kwawo kwa tchizi cha nkhosa cha pecorino. Montalcino ili kutaliko pang'ono, ndipo Brunello wake ndi nkhani ya tsiku lina.

Botolo lodzaza limalemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 200 mpaka 500, choncho mabotolo 6 adya makilogalamu 7 mpaka 9 a katundu wanu. M'chikwama cha m'manja mabwalo ambiri a ndege salola. Atha kukalanda pa chipata. Kulungani lililonse m'pulasitiki yomanga bwino, kenako m'zovala, pakati pa sutikesi, mabotolo asagundane. Okhala kunja kwa European Union atha kubwezeredwa msonkho akagula zopitirira mayuro 70 m'sitolo imodzi, koma fomu yake muipemphe pogula pomwepo mutaonetsa pasipoti. Britain imalola malita 18 a vinyo popanda msonkho, South Africa malita 2; kwina funsani a kasitomu musananyamuke. Musasiye mabotolo m'buti ya galimoto masana: vinyo akatentha amafufuma, amakankha chotsekera n'kudontha, ndipo kukoma kwake sikubwerera. Kunyumba agonekeni chammbali m'kabati ya mdima, kutali ndi khitchini ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa. Nobile amamwedwa pa madigiri 16 mpaka 18, choncho m'nyumba ya ku Lilongwe mu Okutobala muikeni m'firiji mphindi 30, mutsegule, adikire theka la ola asanathiridwe.